Vinyo wonunkhira paini wa ku Greece

Ku Greece kuli vinyo amene fungo lake limafanana ndi la thabwa la paini limene angolicheka kumene. Dzina lake ndi retsina. Amapangidwa ndi mphesa ngati vinyo wina aliyense, koma pofulula amaponyamo utomoni wa mtengo wa paini. Alendo ambiri akalawa koyamba amakwinya nkhope, ena mpaka kufunsa ngati m'tambulamo simunagwere mankhwala opakira mipando. Eni dziko amangomwetulira, chifukwa makolo awo akhala akumwa vinyo wotere kwa zaka zosachepera 2,000, ndipo nkhope zokwinyika aziona zambiri.

Ndinakhala masiku angapo mumzinda wa Athens ndi madera ozungulira m'mwezi wa September, nyengo imene amakolola mphesa. Ndinafuna kumulondola vinyoyu kuti ndione kumene amachokera, ndipo anandiyendetsa malo atatu: kuchigwa kumene amalima mphesa, kumalo odyera a mumzinda, ndi kunkhalango kumene amakhama utomoni. Malo achitatuwa ndiwo andichititsa kulemba nkhaniyi, koma tiyambe ndi oyamba.

Munthu wopita ku Athens pa ndege amafikira m'munda wa mpesa asakudziwa. Bwalo la ndege la Eleftherios Venizelos, limene linatsegulidwa mu 2001, lili ku Spata, m'chigwa chotchedwa Mesogeia. Dzinali limatanthauza dziko la pakati, kutali ndi gombe. Phiri la Hymettus ndilo limalekanitsa chigwachi ndi mzinda, ndipo midzi yake monga Spata, Koropi, Paiania ndi Markopoulo ndiyo yakhala ikumwetsa anthu a ku Athens kuyambira kalekale. Masiku ano misewu ikuluikulu, nyumba zosungiramo katundu ndi nyumba zogona zadya gawo la minda, koma ukangopatuka pamsewu waukulu, mpesa umayamba pomwepo kuseri kwa mpanda.

Minda yakale ya kumeneko siioneka ngati imene timaiona pa zithunzi, ya mizere yomangirira pa mawaya. Mpesa wake amaudulira kuti ukhale kachitsamba kofika m'maondo kapena m'chiuno, masamba ake n'kumaphimba zipatso kuti dzuwa lisazipsereze. Mtundu wa mphesa umene amalima kwambiri ndi Savatiano, wa zipatso zoyera mobiriwira, ndipo ndi umodzi mwa mitundu yofala kwambiri m'dziko lonselo. Alimi amaukonda chifukwa umapirira chilala. Mvula yawo imagwa miyezi yofanana ndi yathu, cha mu November mpaka March, koma kwa iwo imeneyo ndi nyengo yozizira. Kuyambira June mpaka August kumakhala dzuwa lokhalokha, nthaka ili gwa, udzu wauma. Mpesawo umakhala wobiriwira m'fumbi lomwelo popanda woutsirira, ndipo mu September mathirakitala amadutsana m'misewu ya m'midzi atasenza makireti a mphesa, njuchi ndi mavu zikulondola pambuyo.

Kuchoka kuchigwako kufika pakati pa mzinda ndi ulendo wosakwana ola limodzi. Retsina ndinamulawa pafupi ndi msika waukulu wa Varvakeios, pamsewu wa Athinas, pamene amagulitsa nsomba, nyama ndi ndiwo zamasamba. M'timisewu tozungulira msikawu muli malo odyera amene eni ake amawatcha taverna. Amene ndinalowa ine anali apansi pa nyumba, otsikira pa masitepe, ndipo kukhoma kunali mzere wa migolo yamatabwa. Patebulo anayalapo pepala m'malo mwa nsalu. Amene ankadya mmenemo ambiri anali ogwira ntchito mumsika ndi madala opuma pantchito, aliyense ndi katambula kake kakang'ono, kofanana ndi timene timamwera madzi kunyumba.

Vinyo wa mumgolo sagula pa botolo. Amamuitanitsa pa kilogalamu ngati shuga: theka la kilogalamu ndiye theka la lita, ndipo amabwera m'kajagi kachitsulo kofiirira. Sabwera yekha ayi. Patebulo panga anaikapo buledi, maolivi, tchizi woyera wamchere wotchedwa feta, ndi tinsomba tokazinga totchedwa gavros, tokulirapo pang'ono kuposa usipa. Kenako panabwera mbale ya masamba owiritsa, othira mafuta a maolivi ndi madzi a mandimu. Iwo amati vlita. Nditayang'anitsitsa tsamba lake ndinaseka ndekha, chifukwa anali bonongwe, m'bale wake wa uja amamera yekha kuseri kwa khola.

Vinyoyo anali wozizira, wachikasu motuwa ngati udzu wa m'chilimwe. Fungo limafika kumphuno tambula isanafike pakamwa, ndipo aliyense amene anayendapo pa phiri la Zomba dzuwa likuswa mtengo angalizindikire. M'kamwa amayamba ndi kuwawasa pang'ono ngati ndimu, kenako kumabwera kakuwawa kofatsa kummero, ndi kuzizira kofanana ndi kumene umamva ukatafuna tsamba la bulugamu. Kukomako sikuchoka msanga. Ukamumwa payekha, utomoni umalamulira chilichonse. Koma ukadya kansomba kamafuta, n'kumwera pang'ono, mafuta onse amachoka m'kamwa, lilime n'kukhala ngati sunadye kanthu, ndipo dzanja limabwereranso m'mbale. Ndi adyo, ndi mchere wa tchizi, ndi bonongwe uja, zimachitika chimodzimodzi. Vinyo wina wofatsa amagonja pamaso pa zakudya zaukali chonchi, pamene retsina amalimbana nazo mofanana mphamvu.

Mamwedwe ake ndi odekha. Amagunditsa matambula n'kunena kuti yamas, kufunirana moyo wathanzi, kenako amamwa pang'onopang'ono uku akudya, akukangana za ndale ndi mpira. Ukali wake ndi wa vinyo wamba, cha m'ma 11 kapena 12 peresenti, ndipo kajagi kamodzi kamatha kukwanira anthu awiri mpaka chakudya chithe. Munthu wodzandira sindinamuone m'chipindamo. Anthuwo ankamaliza, kulipira, n'kukwera masitepe kubwerera kuntchito zawo.

Nanga zinayamba bwanji kuti munthu athire utomoni mu vinyo? Amene anamwapo madzi a mumtsuko sangavutike kumvetsa. Mtsuko wadothi umachucha thukuta, ndipo n'chifukwa chake madzi ake amazizira. Kwa madzi zimenezi n'zabwino, koma kwa vinyo ndi tsoka, chifukwa mpweya ukamulowa amasasa n'kusanduka viniga. Agiriki akale ankasunga ndi kunyamula vinyo m'mitsuko italiitali ya zigwiriro ziwiri yotchedwa amphora. Kuti isachuche, ankaipaka utomoni wa paini m'kati ndi kumata nawo pakamwa pake. Vinyo akakhala mmenemo miyezi ingapo ankatenga fungo la utomoniwo. Anthu anazolowera, ndipo patapita nthawi anayamba kuuthira dala.

Olemba a ku Rome a m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa anazilemba zimenezi. Pliny Wamkulu anafotokoza za kuthira utomoni m'madzi a mphesa pamene akuwira. Columella, amene analemba buku la zaulimi, anafotokoza mitundu ya utomoni wogwiritsa ntchito, koma analangiza kuti vinyo wabwino koposa asamathiridwe kanthu. Migolo yamatabwa itafala, madera a kumadzulo kwa Ulaya anausiya utomoni chifukwa unalibenso ntchito. Agiriki sanausiye. Mu 968 bishopu wa ku Italy, Liutprand wa ku Cremona, anatumidwa ndi mfumu Otto I kupita ku Constantinople, ndipo mwa madandaulo ambiri amene analemba atabwerako, linalipo lakuti vinyo wa kumeneko anali wosamweka chifukwa chosakaniza ndi phula, utomoni ndi zina. Choncho mlendo wokwinya nkhope lero ali ndi anzake akalekale. Eni dziko ali ndi nthano yawo yoseketsa yakuti makolo awo ankathira utomoni dala kuti asilikali achilendo asawamwere vinyo wawo. Ndi nthano chabe, koma amaikamba mokondwa.

Mafululidwe a lero ndi osavuta kufotokoza. Mphesa akazifinya, madzi ake amawaika m'thanki kapena mumgolo kuti awire. Pamenepo amaponyamo tizidutswa ta utomoni wa paini wa mtundu umene akatswiri amautcha Aleppo, umene umamera m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Kuwira kukatha, utomoniwo amauchotsa pamodzi ndi nsenga, n'kutsala vinyo woyera bwino. Malamulo a bungwe la European Union amateteza dzinali ngati chuma cha makolo cha Agiriki, ndipo salola kuthira utomoni woposa kilogalamu imodzi pa malita 100. Ofulula osamala amathira wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Madera odziwika nazo ndi Attica, kumene kuli Athens, komanso Boeotia ndi chilumba cha Evia. Kuwonjezera pa Savatiano amagwiritsanso ntchito mphesa za Roditis ndi Assyrtiko.

Mbiri ya retsina inaipa pamene malonda ake anakula. Cha m'ma 1960 ndi 1970, alendo odzaona malo anayamba kukhamukira ku Greece, ndipo vinyo amene kale ankatungidwa mumgolo anayamba kugulitsidwa kwambiri m'mabotolo. Kampani ya banja la Kourtakis, imene inayamba mu 1895, ndi imodzi mwa zimene zinamufikitsa kumayiko akunja. Koma msika utakula panalowa ena ofuna phindu la msanga. Utomoni uli ndi fungo lamphamvu lotha kubisa vinyo wosasa kapena wa mphesa zoonongeka, ndipo iwo ankathira wambiri kuti wogula asazindikire. Chinthu chimene chinayamba ngati choteteza vinyo chinasanduka chobisira chinyengo. Alendo ankabwerera kwawo n'kumanena kuti vinyo wa Agiriki ndi mankhwala, ndipo achinyamata a m'dzikomo anayamba kumuona ngati chakumwa cha agogo ndi cha osauka.

Amene anamuwombola ndi ofulula ochepa amene anabwerera ku mfundo yosavuta: yamba ndi mphesa zabwino, utomoni ukhale watsopano ndiponso wochepa. Banja la Kechris la ku Thessaloniki limapanga retsina wa mphesa za Assyrtiko amene dzina lake m'Chigiriki limatanthauza msozi wa paini. Kampani ya Gaia ili ndi wake wotchedwa Ritinitis Nobilis. Ku Markopoulo, m'chigwa chija cha bwalo la ndege, banja la Papagiannakos limafulula ndi Savatiano wa m'minda yakale. Ndinalawako mmodzi wa mabotolo amakonowa. Mphesa zimamveka poyamba, paini n'kubwera pambuyo ngati mchere wa m'ndiwo, osati ngati ndiwo yeniyeniyo. Komabe wa anthu wamba sanathe. Ku Thessaloniki botolo la Malamatina la theka la lita, la chitsekerero ngati cha Fanta, likadali la ophunzira ndi ochemerera mpira, ndipo ambiri amalisakaniza ndi Coca-Cola.

Onsewa, wodula ndi wotchipa yemwe, amadalira munthu mmodzi amene sakhala patebulo: wokhama utomoni. Kuti ndione ntchito yake ndinapita ku Evia, chilumba chachiwiri kukula m'dzikomo pambuyo pa Crete. Chili pafupi kwambiri ndi mtunda moti umawoloka pa mlatho mumzinda wa Chalkida, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Athens. Kuchokera apo msewu umakhotakhota m'mapiri kulowera kumpoto, kudutsa mudzi wa Prokopi, mpaka kukafika kugombe ku Limni. Kumpoto kwa chilumbachi ndiko kwakhala kuchimake kwa utomoni m'dziko lonselo.

Kumene mitengo ikadali yamoyo, ntchitoyo imaoneka uli pamsewu. Pathunthu la paini amasendapo kachigamba ka khungwa, n'kupakapo mankhwala a asidi kuti bala lisatseke msanga, ndipo m'munsi mwake amamangirira kathumba kapulasitiki. Utomoni umadontha pang'onopang'ono, woyera ngati madzi poyamba, kenako n'kuuma kukhala wotuwa. Pakapita masabata angapo wokhamayo amabweranso kudzasenda pamwamba pa bala lakale. Amatero nyengo yonse yotentha, mtengo ndi mtengo, kukwera ndi kutsika mapiri. Wambiri mwa utomoniwu umapita kumafakitale opanga zinthu monga guluu ndi mafuta osungunulira penti, ndipo wa vinyo ndi gawo lochepa chabe. Chachikulu n'chakuti mtengowo sufa. Paini mmodzi amatha kudyetsa bambo, n'kudzadyetsanso mwana wake. N'chifukwa chake anthu amenewa amalambula tchire pansi pa mitengo, amakonza tinjira ta m'nkhalango, ndipo utsi ukafuka amakhala oyamba kuuona. M'nkhalango zomwezo alimi a njuchi amapezamo uchi wa paini, umene ndi wotchuka m'dzikomo.

Pa 3 August 2021, dziko lonselo likuwotchedwa ndi kutentha kopitirira madigiri 40, moto unabuka pafupi ndi Limni. Unayaka kupitirira sabata, kuchoka gombe lina kukafika gombe lina, ndipo unatentha mahekitala pafupifupi 50,000. Anthu mazanamazana anawathawitsa pa zombo usiku, akuyang'ana mapiri a kwawo ali lawilawi. Utomoni umene umakometsa vinyo ndi womwewo umene umachititsa paini kuyaka ngati parafini. Mabanja okhama utomoni anataya munda wawo m'masiku ochepa, ndipo munda umenewu si wa chimanga woti chaka chamawa udzabzalanso. Paini watsopano amafuna zaka zoposa 20 kuti afike pokhamidwa. Bambo wa zaka 50 amene mitengo yake inapsa sadzakhamanso pamalo amenewo, ndipo mwana wake sangakhale pamudzi kudikira mtengo. Akapita ku Athens kapena kunja kukafuna ganyu, luso limapita naye, ndipo nkhalango imatsala yopanda mlonda.

Ndinayenda pagalimoto nthawi yaitali m'dera limene linapsalo. Mapiri amene kale anali obiriwira ali mbee, mwina ndi mwina mutaima zitsa ndi mathunthu akuda. Chiwerengero cha mahekitala chija chinandikumbutsa kwathu. Nkhalango ya Viphya, imene ambiri timangoti Chikangawa, inabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000. Ndiye kuti moto umodzi wa ku Evia unatentha malo otsala pang'ono kufanana ndi Chikangawa yense. Ife amene timadutsa pamsewu wa M1 pakati pa Mzimba ndi Mzuzu tikudziwa mmene phiri la paini limaonekera moto ndi macheka zikadutsapo. Mitundu ya paini ndi yosiyana, ndipo mbiri za nkhalango ziwirizi n'zosiyana. Koma pali funso limodzi limene ndinabwera nalo. Kwathu tikaona paini timaganiza thabwa, ndipo mtengo umapindulitsa tsiku limene wagwa. Ku Evia mtengo unkalipira mwini wake chaka ndi chaka uli chiimire, ndiye anali ndi chifukwa choulondera. Ngakhale zinali choncho moto unawagonjetsa. Nanga nkhalango imene anthu oizungulira sapezamo kanthu ili chiimire, adzaithamangira ndani ikayamba kufuka?

Retsina sadzatha chifukwa cha moto umodzi. Paini wa mtunduwu aliponso m'madera ena a dzikolo, ndipo ofulula amafuna utomoni wochepa. Koma moto wa ku Evia sunali womaliza kapena woyamba. Mu July 2018 moto unapha anthu oposa 100 ku Mati, m'chigawo cha Attica momwemo, ndipo mu August 2024 wina unatsika m'mapiri mpaka kukafika m'mphepete mwa mzinda wa Athens. Mapiri amene amazungulira minda ya Savatiano ndi omwewo amene akupsa. Vinyoyu ndi ukwati wa mpesa wa m'chigwa ndi paini wa m'phiri, ndipo mbali zonse ziwiri zapanikizika: chigwa chikudyedwa ndi simenti, phiri likudyedwa ndi moto.

Kwa inu amene mudzapeze mwayi wopita kumeneko, kaya ndi pa sukulu, pa ntchito kapena ndi a mpingo pokaona phiri la Areopagi pamene Paulo analalikira, ndipo mumamwa vinyo, malangizo anga ndi ochepa. Muitanitse wozizira. Musamumwe pamimba yopanda kanthu, ndipo musaweruze ndi kumeza koyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mufunse tinsomba tokazinga ndi vlita. Ngati simumwa, pitani ndithu ku Mesogeia nthawi yokolola, ndipo mukaona kathumba kolendewera pathunthu la paini, muime mununkhize.

Ndipo mukafika kumpoto kwa Evia, mutsike galimoto muyang'ane pansi. Paini wa mtundu umenewu ali ndi nzeru yake: zina mwa zipatso zake zimakhala zotseka kwa zaka, moto ukadutsa zimatseguka ndi kutentha n'kumwaza njere paphulusa. Pakati pa zitsa zakuda pamera tipaini tambirimbiri, tothithikana ngati nazale, popanda amene anatibzala. Vuto lake ndi limodzi. Moto wina ukadutsanso timitengoti tisanakule n'kubereka njere zake, nkhalangoyo siidzabwereranso. Zaka zimene zikubwerazi ndizo zidzaweruze, ndipo olondera tipainito ndi anthu omwe aja amene sadzakhamako utomoni wake.